Bolodi la Pakhonde ndi Mabokosi a Kumpopi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Inalibe malipiro, koma ndinkayenda nayo monyada ngati kalaliki wa ku ofesi ya mgodi. Tinkakhala m'komponi ya mgodi wina kunja kwa Kwekwe, m'nyumba za mizere zofolera ndi malata, kumene fumbi loyera la pa dampu, mulu wa zotaya za mumgodi, linkalowa m'mano mphepo ikawomba. Ambiri m'komponimo tinali ochokera ku Malawi, ena ku Mozambiki. Anzathu a Chishona ankatitcha Mabhurandaya, ngakhale ambirife mzinda wa Blantyre tinali tisanauone.

Kunyumba kwathu chaka chimenecho kunali nkhani imodzi yokha. Mlongo wanga Esinati anali atapeza mwamuna, mnyamata wofatsa wogwira ntchito ya njanji ku Gweru, kumene nthawi imeneyo tinkati Gwelo. Akwawo anabwera kawiri kudzakamba za ukwati, ndipo kawiri konseko anabwerera osamwa ngakhale tiyi wa chibale, chifukwa kwathu kunalibe nkhoswe. Mwa mwambo wathu, mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Bambo wobereka amangokhala pambali. Amayi anali ndi mchimwene mmodzi yekha, a Yohane Phiri, amene anachoka ku Dedza iwo akali mtsikana, kubwera ku migodi ya dziko lino, osamvekanso. Anali mtchona, monga tinkatchulira anthu otayika kuntchito osabwerera kwawo.

Bambo ankati tipemphe mkulu wa mpingo aimirire, monga ankachitira mabanja ambiri. Amayi ankakana. "Achimwene ali moyo, ali m'migodi yomweyi. Mwana wanga asakwatiwe ngati wotola panjira." Akuchimuna anatumiza mawu akuti adzabweranso kamodzi kokha, mvula isanagwe. Esinati anasiya kuimba akamachapa.

Inali nthawi ya nkhondo. Njira yodzera ku Tete inali itatsekedwa, makalata a kumudzi ankatenga miyezi, ndipo anthu oyenda ndi nkhani pakamwa anachepa chifukwa cha asilikali a pamsewu. Munthu ankatha kumwalira ku Selukwe, mbale wake wa ku Kwekwe n'kudzamva ataikidwa kale. Choncho akuluakulu a sosaiti yathu ya maliro anagwirizana zokhoma bolodi la mauthenga pakhonde la holo. Anapemphanso anzawo a ku Amaveni, ku Mtapa ndi ku Selukwe kuti akhome awo. Uthenga wolembedwa pa bolodi limodzi unayenera kukoperedwa n'kutumizidwa ku enawo, kuti mawu a munthu mmodzi amveke m'makomponi onse. Panafunika wolemba. Bambo anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Wanga uja ali ndi dzanja." Basi, ntchito ndinaipeza.

Sabata imene tinkakonza bolodilo sindinkamva njala. Linali chitseko chakale cha nyumba yosinthiramo zovala anthu otuluka pansi. Tinachipala ndi magalasi osweka mpaka thabwa linayera, tinachipaka utoto wakuda umene unkanunkha mpaka kumizere, kenako ndinajambula mizere yoyera ndi nthenga ya nkhuku. Tinachigawa panayi: Maliro, Ofuna Abale, Malonda, ndiponso Mpira ndi Magule. Mapepala tinkadula ku matumba a simenti, ndipo ana a komponi yonse anatumidwa kukatola misomali yopindika n'kuiwongola ndi miyala.

Tsiku lokhoma, anthu anadzaza pakhonde ngati pali gule. Kenako anatulukira a Mwale, mpolisi wa komponi, ndodo kukhwapa. Anthu anapatuka. A Mwale anayang'ana bolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Bwana wati pasalembedwe za ndale. Mukangolemba za anyamata a kutchire, ndizula ndi khoma lomwe. Wamva, iwe mabhalani?"

Mabhalani ndiye kalaliki m'chilankhulo cha mumgodi. Ndinayankha kuti ndamva. A Mwale anawerama n'kutsitsa mawu. "Tsono lemba apo pa Malonda kuti ndikugulitsa njinga. Za tcheni usatchule."

Umenewo ndiwo unali uthenga woyamba pa bolodi lathu, ndipo dzina la Mabhalani linandikanirira mpaka ndinachoka m'komponimo.

Wonyamula mauthenga anali a Zuze, dalaivala wa lole yonyamula mitengo yochirikiza mumgodi. Anali a ku Angonia, amfupi, a mawu aakulu, ndipo ankasakaniza Chichewa, Chishona ndi Chilapalapa cha mumgodi m'mpweya umodzi. Lachinayi madzulo ndinkakhala pa benchi kukopera uthenga uliwonse katatu, dzanja mpaka kuuma. Lachisanu m'mawa a Zuze ankaika mapepalawo m'chitini cha mabisiketi pansi pa mpando, ndipo Loweruka ankabwera ndi a kwinako. Asilikali a pamsewu poyamba ankatsegula chitinicho. Atatopa kuwerenga za mbuzi ndi za makina osokera, ankangowakodola kuti adutse.

Loweruka masana, lole ikangomveka pa geti, ana tinkathamangira limodzi nayo. Ndinkatsegula chitini anthu atandizungulira, ena akali ndi zipewa za mumgodi, thukuta ndi fungo la utsi wa pansi zili thothotho. Ndinkakhoma pepala lililonse pamalo pake n'kuliwerenga mokweza chifukwa cha osadziwa kuwerenga. Mawu a munthu wa ku Selukwe, amene sindinamuonepo, ankatuluka pakamwa panga, ndipo wina m'gulumo ankafuula kuti, "Ameneyo ndi wa kwathu!" Sindikudziwa ngati ndinasangalalaponso ndi ntchito ina monga ndinkasangalalira masana amenewo.

Tinaphunzira zambiri pochita. Tinaphunzira kulemba tsiku pa pepala lililonse, titapeza anthu akukonzeka kupita ku maliro a munthu amene anaikidwa mwezi wathawo. Tinaphunzira kuzula mapepala akale. Tinaphunziranso kuti gawo la Mpira likufuna maso, chifukwa a ku Amaveni ndi a kwathu anayamba kutukwanizana, wina n'kulemba kuti goloboyi wathu amagwira bwino chikho cha mowa kuposa mpira.

Koma ine mtima wanga unali pa gawo la Ofuna Abale. Usiku woyamba womwe, bambo anandikhazika pansi n'kundiuza zolemba. Analankhula ngati munthu wotopa ndi nkhani. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, zokongola kuposa zonse zimene ndinalembapo: "Tikufuna Yohane Phiri wa ku Dedza. Anachoka kwawo kalekale, sanalembepo kalata, sanatumizepo kanthu. Mbumba yake ikuvutika. Womudziwa amuuze." Ndinakopera katatu, ndipo ndinauza Esinati kuti ayambe kusoka diresi.

Mayankho anabwera msanga, ndipo tinalumpha ndi chimwemwe. Koma m'migodi imeneyo mukaponya mwala mumagenda Phiri, mukaphonya mumagenda Banda. Yohane Phiri woyamba anali wa ku Kasungu. Wachiwiri anali mnyamata wobadwira ku Mtapa. Wachitatu anabwera yekha pa basi, atavala tayi, n'kudya nkhuku yathu yonse asanavomere kuti ku Dedza anangodutsako. Pansi pa pepala lathu anthu anayamba kulembapo nthabwala ndi makala. Wina analemba kuti, "Mukamupeza mufunseni ngati waonako mlamu wanga." Masabata anapita. Kumwamba kunayamba kuchita mitambo masana, ndipo amayi ankangoiyang'ana.

Loweruka lina a Zuze, m'malo mopita ku bhawa, ananditsatira kunyumba. Anakhala pa chitini cha parafini pakhomo, amayi akusankha nyemba.

"Anaphiri, ine ndili ndi maso ngakhale ndine dalaivala. Ku Selukwe kuli madala wina, amamutcha Supuni. Amasesa ku shapu ya makina. Ndikafika ndi chitini, iyeyo amaima patali, pafupi ndi mtengo wa mabulosi. Anthu akabalalika amaitana kamwana, kumupatsa switi kuti amuwerengere pepala lanu lija. Lomwelomwelo, sabata ndi sabata. Akamva amangoyenda, hamba, osacheuka."

Amayi anasiya nyemba. "Ali ndi chipsera pachibwano?"

"Ndevu zaphimba, mama. Koma akamayenda amaponya mwendo ngati mmene amayendera Mabhalani wanuyu."

Ndinadumpha. Ndinati tikwere lole Lachisanu, tikawagwire a sekuru tibwere nawo. Ife ana obadwira kuno tinkati sekuru, mwa Chishona.

"Amalume," amayi anandikonza. "Ndipo sagwidwa ngati mbuzi. Tandiwerengere zimene munalemba zija."

Ndinawerenga pamtima, mokweza, monga ndinkachitira pakhonde. Nditafika pa "sanatumizepo kanthu," mawu anga anayamba kuchepa okha. Amayi anatembenukira kwa bambo, amene anali kukonza nsapato pakhomo.

"Inu abambo a Esinati, akanakulembani chonchi, anzanu onse a shifiti akuwerenga, mukanatuluka pagulu n'kunena kuti ndine?"

Bambo anaika nsapato pansi. "Ndinalemba zoona," anatero.

"Zoona, inde. Koma mwamuvula pamsika. Munthu wamanyazi sayankha pabwalo. Amafuna pomulankhulira pambali."

A Zuze anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye timange pambalipo."

Mmenemo ndi mmene mabokosi anayambira. Akuluakulu a sosaiti anavomera mosavuta, chifukwa zinaoneka kuti aliyense anali ndi mawu amene sakanafuna kuti ndiwerenge mokweza. Tinapeza mabokosi akale a sopo ku sitolo ya mgodi, tinawagawa tizipinda ndi timatabwa, tinaika zivundikiro za malata. Ine ndinkafuna tizipindato tilembedwe A mpaka Z, monga ndinaonera ku ofesi ya sukulu. A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Ka P ndi ka B kadzaphulika, enawo muzidzagona akangaude." Choncho tinalemba maina a maboma: Dedza, Ntcheu, Zomba, Mulanje, Tete, ndi ena. Munthu wa ku Dedza akatsegula ka Dedza, palibe angadabwe.

Malo oikapo anasankha ndi amayi. Ine ndinkati tikhome pambali pa bolodi. Iwo anati ayi, kuseri kwa holo, pafupi ndi mpopi. "Kumpopi amapitako aliyense, nthawi iliyonse. Palibe angafunse kuti wakatani." A Mwale anabwera ndi ndodo yawo n'kulamula kuti pepala lililonse aziliona lisanapindidwe, poopa nkhondo. Anachitadi zimenezo sabata yoyamba. Pambuyo pake ankangoti, "Mulibe mfuti umo?" n'kupitiriza ulendo, ndipo sipanatenge nthawi iwonso anayamba kuponya timapepala topita kwa mayi wina wa ku Amaveni.

A Zuze anakafotokoza ku mabolodi enawo, ndipo nakonso anakhoma mabokosi awo kumipopi. Pepala lathu lakale tinalizula konsekonse. M'malo mwake ndinalemba kachidutswa kakang'ono, kopanda dzina la munthu: "Wa m'mudzi wa Kamtedza, muli moni wanu m'bokosi la Dedza." Uthenga weniweni anandiuza ndi amayi, titakhala awiri kukhitchini. Anaganiza nthawi yaitali asanayambe, ndipo mawu ake anali ochepa. "Achimwene, ndine mlongo wanu wa ku Kwekwe. Za kale sindikufunsa. Mbumba yanu yakula, wamkulu wapeza banja. Mpando wanu ulipo. Bwerani mmene muliri." Ndinafuna kuwonjezera kuti abwere msanga mvula isanagwe. Amayi anagwira dzanja langa. "Pinda."

Loweruka lotsatira ndinakadikira lole kunja kwa geti, dzuwa likuswa mtengo. A Zuze sanadikire n'komwe kuimitsa. Anatulutsa mutu pa windo n'kukuwa kuti, "Mabhalani! Lachoka!" Anali ataika pepala la amayi lija ku Selukwe Lachisanu masana, ndipo pobwerera m'mawa anasuzumira m'bokosi la Dedza n'kupeza mulibe. Ndinathamanga mizere yonse mpaka kunyumba, ndikugunda zidebe za anthu. Esinati anandigwira mapewa n'kundizunguza. Amayi anangoti, "Lachoka, chabwino," koma madzulo amenewo anasesa nyumba kawiri.

Sabata yotsatira, chitini chinabwera chopanda yankho. A Zuze anati madala Supuni sanaoneke pa mtengo wa mabulosi. Usiku wake kunagunda mabingu chakum'mawa, ngakhale mvula sinagwe. Bambo anati mawa akalankhula ndi mkulu wa mpingo. Amayi anapempha sabata imodzi yokha. Ine ndinkafuna kulemba pepala lina, lachitatu, lachinayi. Amayi anandiletsa. "Iye wamva kale. Musiye avale."

Loweruka linalo lole inafika mochedwa, ndipo sinaime pa holo. Inadutsa anthu onse odikira chitini, ikuliza hutala, mpaka kumapeto kwa mzere wathu, ana tikuithamangira m'fumbi. Kumbuyo, pamwamba pa mitengo, panakhala bambo woonda wa ndevu zotuwa, atavala jekete lalikulu lomwe linkaoneka kuti ndi lobwereka. M'manja anali atanyamula nkhuku yomangidwa miyendo. A Zuze anali atamulembetsa kwa asilikali a pamsewu ngati wothandiza pa lole.

Anatsika pang'onopang'ono. Dzanja lake lamanzere linalibe zala ziwiri. Anaima pa kampanda kathu ka malata osalowa, akutsokomola chifuwa cha mumgodi. Amayi anatuluka manja ali ndi thovu la sopo. Anayang'anana. Ndinkayembekeza kulira kwa maliro, koma amayi anapukuta manja pa chitenje, anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Mwafika, achimwene."

"Ndafika, mlongo. Ndilibe chimene ndabwera nacho. Ndi kankhukuka."

"Ndinati mubwere mmene muliri. Lowani, madzi ali pamoto."

Misozi inabwera pambuyo, atatseka chitseko, ndipo ife ana anatithamangitsira kwa a Zuze kukatsegula chitini.

Madzulo amalume anandiitana. Anatulutsa m'thumba la jekete kapepala ka amayi, katafewa ngati nsalu chifukwa chopindidwapindidwa. Anati kamwana ka switi kaja kanawawerengera kachidutswa ka pa bolodi n'kuwalozera kachipinda ka Dedza, koma kapepalako anayenda nako masiku angapo asanapeze munthu woti awawerengere amene sangaulule, ndipo pomaliza anakapempha mnyamata wa Chindebele wosamva Chichewa, kuti angotchula mawuwo osadziwa tanthauzo.

"Ndiwe Mabhalani?"

"Eya, amalume."

"Ndi pepala loyamba lija unalemba ndiwe?"

"Ndine."

"Dzanja labwino. Komponi yonse ya Selukwe inaliyamikira." Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Ndinkafuna kuyankha, mwana wa mlongo wanga. Koma ndikanayambira pati, anthu onse aja akuyang'ana?"

Akuchimuna anabwera kachitatu kumwamba kutada bii. Amalume anakhala pampando wa bambo, jekete lobwereka lija atalisita, ndipo analankhula mwambo wonse mosaphonya, ngati munthu amene sanachokepo ku Dedza. Alendo anamwa tiyi. Pamene ankatsanzika, madontho oyamba anali akugunda malata, ndipo Esinati ankaimba kukhitchini mosasamala kuti apongozi akumva.

Patapita zaka zambiri, nkhondo itatha kalekale, ndili ndi banja langa ku Mkoba, ndinkagwira ntchito mu ofesi ina ku Gweru. Kunabwera kompyuta yolumikizidwa ku waya wa telefoni, yoti anthu a nthambi zathu za m'matauni ena aziimbira ndi makompyuta awo, kusiya mauthenga ndi kuwerenga a anzawo. Inkalira mokwiyitsa ikamalumikiza, ndipo usiku inkatumiza mauthenga atsiku limenelo kwa makompyuta anzake. Anandipatsa ine ndi mnyamata wina wophunzira za makina kuti tiikonze. Iye anafotokoza mosamala za kugawa magawo, kulemba tsiku, kuchotsa zakale, ndi kuyang'anira otukwana. Ndinkangomwetulira, chifukwa ndinkaona chitseko chakuda chija ndi chitini cha a Zuze. Kenako anati tiyambe ndi magawo a onse, za imelo ya munthu payekha tidzaona mwezi wamawa. Pamenepo ndinakana. Ndinati zonse ziwiri zitsegulidwe tsiku limodzi, ndipo tinatero.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti bolodi lathu linkagwira ntchito yake bwino. Linanyamula mawu athu mpaka pamene panali amalume, sabata yoyamba yomwe. Koma kumva si kuyankha. Pabwalo m'pofunika, chifukwa m'pamene timadziwira kuti wina akutifuna. Koma pali mawu ena amene munthu amatha kuwalandira pokhapokha palibe womuyang'ana nkhope. Amene akukonza malo oti anthu azilankhulana, asaiwale kakona ka kumpopi.

Amalume sanabwererenso ku Selukwe. Anakhala nafe mpaka chifuwa chija chinawatenga, ndipo m'zaka zimenezo ndiwo ankasamala mabokosi. Sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, ndipo anthu ankawakhulupirira chifukwa cha chimenecho. M'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pa zivundikiro, ndipo munthu akafika kudzatsegula kachipinda kake, iwo ankatembenuka n'kuyamba kusamba m'manja pa mpopi.